Munda umodzi, mayankho awiri: kodi mphamvu ya chamba amaiyeza bwanji kulabotale?

Aliyense amene adagulitsapo nyemba kapena soya kwa mavenda kuno ku Mzuzu amaudziwa mkangano wa pa sikelo. Kunyumba thumba lidakwana makilogalamu 50, pamsika latsika kufika 47, ndiye aliyense akuloza sikelo ya mnzake. Mkangano wa mtundu womwewo ulinso pa mbewu imene kale sitinkaitchula poyera. Chiyambire chaka cha 2020, pamene Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa amene ali ndi chilolezo, n'kukhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority, anthu akhala akumva mawu achilendo: THC, CBD, maperesenti, satifiketi ya kulabotale. Kusuta chamba kudakali mlandu m'dziko muno, ndipo nkhani ino sikukhudza mbali imeneyo. Ikukhudza funso limene limazunguza mlimi, wogula, ngakhale wapolisi: zimatheka bwanji kuti chamba cha m'munda umodzi, chikatumizidwa ku malabotale awiri, chibwere ndi manambala awiri osiyana?

Nthawi zina alipo amene wanama, ndipo tifikako. Koma kawirikawiri onse awiri amakhala atagwira ntchito moona mtima. Nambala ija imadutsa m'manja ambiri isanafike pa pepala, ndipo dzanja lililonse limatha kuikweza kapena kuitsitsa pang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho tiyende nayo pang'onopang'ono kuchokera kumunda.

Mphamvu imene akuyezayo ndi chiyani

Chomera cha chamba chimapanga mankhwala a mtundu wake oposa 100, amene asayansi amawatcha cannabinoids. Awiri ndiwo amatchuka. THC ndi amene amaledzeretsa. CBD saledzeretsa, ndipo amafunidwa ndi opanga mankhwala ndi mafuta osiyanasiyana. Mankhwalawa sapezeka mofanana m'chomera chonse. Amapangidwa m'timatumba ting'onoting'ono tonata, tooneka ngati mame, timene timachuluka pa maluwa a chomera chachikazi. Masamba ali ndi ochepa, thunthu ndi njere pafupifupi zilibe. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa theka la mikangano yonse limayambira pamenepa.

Kwa zaka zambirimbiri anthu ankadziwa mphamvu ya chamba monga momwe amadziwira mphamvu ya kachasu, ndiko kuti ndi thupi lawo komanso ndi mbiri ya kumene chachokera. Dzina loti Malawi Gold lidatchuka kunja popanda labotale iliyonse. Sayansi idabwera mochedwa. Roger Adams wa ku America adapatula CBD mu 1940, ndipo THC adampatula ndi kumufotokoza bwino Raphael Mechoulam ndi Yechiel Gaoni ku Israel mu 1964. Kuyambira pamenepo zidatheka kufunsa kuchuluka kwake m'malo mongoti ichi n'chaukali.

Yankho limaperekedwa m'maperesenti a kulemera. Akati 1 peresenti, ndiye kuti mu kilogalamu imodzi ya chamba chouma muli magalamu 10 a THC. Akati 0.3 peresenti, ndi magalamu atatu okha. Ku America, akatswiri a pa University of Mississippi amene akhala akuyeza chamba chogwidwa ndi apolisi adapeza kuti mphamvu yake idakwera kuchoka pa 4 peresenti mu 1995 kufika cha m'ma 12 peresenti mu 2014. Kotero labotale imodzi imayembekezeredwa kuyeza molondola chinthu chochepetsetsa ngati 0.3 komanso chochuluka ngati 20, zomwe zili ngati kufuna sikelo imodzi yoyezera golide ndi matumba a chimanga.

Malire amene adadulidwa ndi anthu

Chamba cha m'mafakitale, chimene ambiri amangoti hemp, ndi chamba choledzeretsa ndi chomera chimodzi. Ndi maso simungasiyanitse motsimikiza, ngakhale ndi mphuno. Chimene chimazisiyanitsa pamaso pa lamulo ndi nambala basi.

Nambala yotchuka ya 0.3 peresenti idachokera mu nkhani ya sayansi ya zomera imene Ernest Small wa ku Canada ndi Arthur Cronquist adalemba mu 1976. Iwo ankafuna njira yogawira mitundu ya chomerachi m'magulu, osati kulemba lamulo. Koma maboma adaitola. Canada idaigwiritsa ntchito, America idaiika m'lamulo lake la zaulimi la 2018, ndipo mayiko a European Union, amene kwa nthawi yaitali anali pa 0.2, adakwera kufika pa 0.3 mu 2023. Switzerland ili pa 1 peresenti, ndipo ndi pomwenso lamulo la Malawi la 2020 lidaika malire a chamba cha m'mafakitale.

Zili ngati malire a munda amene amfumu adadula n'kubzalapo nkhadze. Dothi la mbali iyi ndi la mbali inayo ndi limodzimodzi, koma khasu likadumpha mzere, mlandu wayamba. Chamba cha 0.98 ndi cha 1.02 sizisiyana m'thupi la munthu, komabe china ndi katundu wovomerezeka pamene chinacho chadutsa malire. Ndiye onani kuti katundu amene ali bwinobwino pa malire a kuno angathe kukanidwa ndi wogula wa kudziko limene malire ake ndi 0.3.

Malire amenewa adasinthanso ntchito ya apolisi. Kale kunali kokwanira kusonyeza kuti chinthu ndi chamba, ndipo mankhwala osintha mtundu akakhudzana nacho ankathandiza pa zimenezo. Koma mayeso otere sanena kuchuluka kwa THC. Ku Texas mu 2019, hemp atangololedwa, oimira boma pamilandu adasiya milandu yambiri ya chamba chifukwa malabotale awo adalibe njira yosonyezera kuti chogwidwacho chadutsa 0.3.

Chitsanzo: pamene zambiri zimasokonekera makina asanayatsidwe

Labotale siyeza munda. Siyeza ngakhale thumba. Imayeza kachidutswa kosakwana galamu imodzi, ndipo kachidutswako ndiko kamalankhulira ekala yonse.

Amayi akafuna kudziwa ngati mchere wakwana mu ndiwo, amayamba atakasa, kenako n'kulawa. Akalawa pamwamba pomwe angothira mchere, anena kuti wawawa. Vuto la chamba ndi lakuti munda sutakasika. Duwa la kunsonga, limene limalandira dzuwa tsiku lonse, limakhala ndi THC wochuluka kuposa la m'munsi mwa chomera chomwecho. Chomera ichi chimasiyana ndi chinzake cha mumzere womwewo, makamaka ngati mbewuyo idabzalidwa kuchokera ku njere. Wotenga chitsanzo akathyola nsonga zokhazokha, nambala ikwera. Akaphatikizamo masamba, timitengo ndi njere, itsika. Palibe amene wanama, koma zimene zayezedwa n'zosiyana.

Alimi a fodya amene amabweretsa mabelo ku okushoni ya ku Mzuzu sangadabwe nazo. Amadziwa chifukwa chake wogula sakhutira ndi tsamba la pamwamba pa belo, amasolola la mkati. Amadziwanso kuti tsamba la m'munsi mwa chomera ndi la kunsonga sizilowa giredi imodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti giredi ya fodya imaoneka ndi maso ndipo mlimi angathe kuitsutsa pomwepo, pamene giredi ya chamba ili m'makina amene mlimi sadzawaona.

Nthawi nayo ili ndi mbali yake. Maluwa akamakhwima, THC ndi CBD zimakwera limodzi. Mlimi wofuna CBD wambiri amakopeka kuti adikire sabata ina, ndipo sabata imeneyo ingathe kumudutsitsa malire. Ofufuza a pa Cornell University adasonyeza mu 2020 kuti chimene chimachititsa kwambiri hemp kudutsa malire ndi chibadwa cha mbewuyo, kuposa nyengo kapena kuvutika kwa chomera m'munda monga ambiri ankaganizira. Ndiye kusankha mbewu ndi tsiku lokolola ndi mbali ya nkhani ya mayeso. N'chifukwa chake malamulo a unduna wa zaulimi ku America a 2021 amanena kuti chitsanzo chitengedwe ndi munthu wovomerezeka, osati mlimi mwini, kuchokera kunsonga za maluwa, ndipo kukolola kuchitike pasanathe masiku 30 chitengereni chitsanzocho.

Chitsanzo chikatengedwa chimayenda ulendo. Kuchokera ku Mzuzu kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 300 pa msewu wa M1, ndipo ku Blantyre ndi kutali kuposa apo. Envulopu ikakhala padzuwa m'galimoto, kapena ikagona masabata m'kabati yotentha, zamkati zimasintha. Kuwala, mpweya ndi kutentha zimaphwanya THC pang'onopang'ono, ndipo wina amasanduka mankhwala otchedwa CBN, amene mphamvu yake ndi yochepa kwambiri. Akuluakulu adati tsabola wakale sawawa, ndipo pa chamba mawuwa ndi oona monga momwe alili. Labotale yoyeza lero ndi yoyeza patatha miyezi itatu siziyeza chinthu chimodzi.

Ngakhale pa tebulo la labotale, kupera chitsanzo ndi luso palokha. Timatumba tonata tija timakakamira pa chopera, tina timagwa n'kudikha pansi pa botolo ngati nsenga. Wotapa pamwamba ndi wotapa pansi apeza zosiyana. Ine ndimaona kuti anthu amathamangira kufunsa za mtengo wa makina, pamene funso loyamba likadakhala lakuti adatenga chitsanzo ndani, adachitenga pati, ndipo adachisunga bwanji.

Madzi a m'tsamba

Malamulo ambiri amanena za kulemera kwa chamba chouma, madzi onse atachotsedwa pa chiwerengero. Koma chamba chimene timati chauma chimakhalabe ndi chinyezi, ndipo kuno ku Mzuzu, kumene mvula imachedwa kusiya ndipo nkhungu ya m'mawa siisowa, kuumitsa chinthu si masewera. Ogula chimanga amadziwa kuti chosauma bwino chimalemera ndi madzi.

Tiyerekeze magalamu 100 a maluwa okhala ndi magalamu 0.9 a THC ndi magalamu 12 a madzi. Labotale yosachotsera madzi ilemba 0.9 peresenti. Yochotsera igawa 0.9 ndi 88, ipeza 1.02 peresenti. Chitsanzo chimodzimodzi chakhoza uku, chalephera uko. Satifiketi yabwino imanena poyera kuti nambalayo ndi ya kulemera kouma kapena ayi, ndiponso chinyezi chinali chochuluka bwanji.

THC amene sadabadwe

Apa ndi pamene ambiri amadabwa. M'chomera chamoyo, ngakhale m'maluwa ongouma kumene, THC weniweni amakhala wochepa. Chochuluka ndi kholo lake, lotchedwa THCA, limene palokha sililedzeretsa. Likatenthedwa, limataya kachigawo kena ngati mpweya wa carbon dioxide n'kusanduka THC. Potaya kachigawoko limapepuka: galamu imodzi ya THCA ingapereke magalamu 0.877 a THC, ngati yonse yasanduka bwinobwino.

Ganizirani zidina ndi njerwa zootcha. Munthu amene waumba zidina 10,000 akafunsidwa kuti ali ndi njerwa zingati, ayankhe chiyani? Wina ati alibe, popeza sizinalowe mu uvuni. Wina ati ali nazo 10,000, popeza moto wokha ndiwo watsala. Onse akunena zoona malinga ndi momwe amvera funso. Pa chamba, kuwerenga kwachiwiriku kumatchedwa THC yense, ndipo amakupeza pophatikiza THC amene alipo kale ndi THCA atachulukitsidwa ndi 0.877.

Tiyerekezenso chitsanzo chokhala ndi 0.15 peresenti ya THC ndi 1.0 peresenti ya THCA. Wowerenga THC yekha alemba 0.15, kutali ndi malire alionse. Wowerenga THC yense alemba pafupifupi 1.03. Ku America kusiyana kumeneku kudabala mkangano waukulu, chifukwa lamulo la 2018 lidatchula delta-9 THC, lomwe ndi dzina lonse la THC woledzeretsa uja, osatchula THCA, ndipo amalonda ena adayamba kugulitsa maluwa odzaza ndi THCA n'kumati ndi hemp. Mgwirizano uliwonse wa mlimi ndi wogula umene sunena kuti ndi nambala iti mwa ziwirizi imene ikuwerengedwa wasiya khomo lotsegula.

Makina awiri, ndi mwala wa sikelo

Chitsanzo chikaperedwa, amachiviika m'mankhwala osungunula monga methanol kuti ma cannabinoids atuluke, amasefa, amasungunulanso, kenako kadontho kamalowa m'makina. Njira yake imatchedwa chromatography. Adaiyamba ndi Mikhail Tsvet, katswiri wa zomera wa ku Russia, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, polekanitsa mitundu ya utoto wa m'masamba. Mfundo yake ndi yosavuta. Anthu atanyamuka limodzi pa depoti ya Mzuzu kulowera ku Nkhata Bay, wagalimoto, wanjinga ndi wapansi safika nthawi imodzi. Woima pa boma ndi wotchi angathe kudziwa wafikayo ndani pongoona nthawi. M'makinamo muli kapaipi kodzaza ndi zinthu zimene zimagwira mankhwala ena kwambiri, ena pang'ono, ndiye CBD amatulukira nthawi yake, THC nthawi yake, THCA nthawi yake.

Makina ofala ndi a mitundu iwiri, yotchedwa GC ndi HPLC. GC imasandutsa chitsanzo nthunzi pochitenthetsa kwambiri, kotero THCA amasandukiratu THC pakhomo polowera, ndipo makinawo amaona nambala imodzi yokha. Koma monga mu uvuni simutuluka njerwa zabwino zokhazokha, kusandukako sikukwanira nthawi zonse, ndipo yankho limatha kutsika. HPLC imayendetsa chitsanzo m'madzimadzi popanda moto wotere, imaona THC ndi THCA payekhapayekha, kenako munthu amawerengera ndi 0.877 uja ngati kuti zidina zonse zidzapsa bwino. N'chifukwa chake makina awiriwa, onse ali abwino, angathe kusiyana pa chitsanzo chimodzi. Malabotale ambiri oyeza mphamvu masiku ano amakonda HPLC.

Vuto lina ndi la apaulendo ofika limodzi. Pali mankhwala ofanana kwambiri ndi THC wodziwika uja, monga delta-8 THC, amene amatuluka pafupifupi nthawi yomweyo. Njira yoyezera ikakhala yothamanga pofuna kumaliza zitsanzo zambiri pa tsiku, awiriwa amawerengedwa ngati mmodzi.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti makinawa satulutsa peresenti. Amajambula timapiri pa kompyuta, ndipo kukula kwa kaphiri kumayenderana ndi kuchuluka kwa mankhwala. Kuti kaphiriko kasanduke nambala, pamafunika kukayerekeza ndi THC woyera wa mlingo wodziwika bwino, amene labotale imagula m'timabotolo tosindikizidwa. Umenewu ndiwo mwala wa sikelo. A Malawi Bureau of Standards akamayendera masikelo a m'misika amanyamula miyala yawo yodalirika pa chifukwa chomwechi. Koma mwala wachitsulo suwola, pamene THC wa m'kabotolo amafuna kukhala mufiriji yozizira kwambiri ndipo ali ndi tsiku lothera ntchito. Akafooka, mwina chifukwa magetsi adathima masiku angapo, labotale imaganizabe kuti ndi wamphumphu, ndipo chitsanzo chilichonse chimaoneka champhamvu kuposa momwe chilili. Mwala wopepuka umalemeretsa katundu yense. Kwa dziko ngati lathu, timabotolo timeneti timachokera kunja, timafuna ndalama zakunja, komanso zilolezo poti ndi mankhwala olamulidwa. Kachinthu kakang'ono kotere kangathe kuimitsa makina a mamiliyoni.

Kupatula THC woyera, pamafunikanso chomera chenicheni choperedwa chimene mphamvu yake idatsimikizidwa kale, kuti labotale iyese njira yake yonse kuyambira pa kuviika. Bungwe la boma la America loona za miyezo, NIST, lidayamba ndondomeko yothandiza malabotale a chamba mu 2020, ndipo lidatulutsa chitsanzo chotere cha hemp mu 2024. Zaka zimenezi zikusonyeza kuti ntchitoyi ndi yatsopano ngakhale kwa eni makinawo.

Nambala iliyonse ili ndi mpata

Palibe muyezo wopanda mpata wolakwika. Telala akakuyezani m'chiuno katatu sapeza chimodzimodzi ndendende. Labotale yodziwa ntchito imawerengera kukula kwa mpata wake n'kuulemba pambali pa yankho, monga 0.35 kuonjeza kapena kuchotsa 0.06. Tanthauzo lake n'lakuti choonadi chili penapake pakati pa 0.29 ndi 0.41.

Tsono malire akagwera mkati mwa mpatawo, apindule ndani? Malamulo a ku America adasankha kukomera mlimi: ngati 0.3 ili mkati mwa mpata, mbewu yakhoza. Ena amati n'chilungamo, popeza simungaotche munda wa munthu pa chinthu chimene makina sakutsimikiza. Ena amaona msampha, poti labotale yosasamala imakhala ndi mpata waukulu, ndiye imakhozetsa mbewu zambiri kuposa labotale yosamala. Sayansi imatha kunena kukula kwa mpata, koma wopindula nawo amasankhidwa ndi olemba malamulo.

Amene amalipira mayeso

Tafika pa bodza lija. M'maboma a ku America amene amalola kugulitsa chamba m'masitolo, ogula amathamangira nambala yaikulu pa paketi, ndipo mtengo umatsatira nambalayo. Wolipira labotale ndi mlimi kapena kampani yogulitsa. Labotale ikamapereka manambala otsika, ngakhale oona, makasitomala amasamukira kwa ina yowolowa manja. Siifunika n'komwe kupeka nambala. Ingathe kungolola mwini katundu kusankha yekha duwa lokongola, kapena kuumitsa chitsanzo mopitirira, kapena kusasamala za mwala uja.

Umboni ulipo. Kafukufuku wa Michael Zoorob wa 2021 adaona zotsatira za mayeso ku Nevada ndi Washington, napeza kuti zochuluka modabwitsa zimagwera pamwamba pang'ono pa 20 peresenti ndipo zochepa modabwitsa pansi pake pang'ono. Chomera sichidziwa 20, odziwa 20 ndi amsika. Mu 2023, ofufuza a pa University of Northern Colorado adagula zitsanzo 23 m'masitolo 10 n'kuziyezanso. Pafupifupi zisanu ndi ziwiri mwa khumi zilizonse zinali zotsika kwambiri poyerekeza ndi zolembedwa pa paketi. Mapaketi ankanena manambala oposa 20, pamene zopezeka zinali cha m'ma 15.

Kwa mlimi wa hemp chikoka chimalowera kwina: iye amafuna THC aoneke wotsika, CBD aoneke wokwera. Wogula wofuna kutsitsa mtengo angakonde zosemphana ndi zimenezo. Ndipo kwa wodwala amene akumwa mafuta a chamba monga mankhwala, nambala yolakwika ndi mlingo wolakwika.

Njira zothetsera vutoli zilipo zingapo, ndipo iliyonse ili ndi polekezera. Yoyamba ndi kuvomerezedwa kwa labotale pa muyezo wa ISO/IEC 17025, umene udatuluka koyamba mu 1999 ndipo udakonzedwanso mu 2017. Oyendera amafufuza ngati antchito adaphunzira, makina amasamalidwa, njira zidayesedwa ndipo zonse zimalembedwa. M'chigawo chathu, mayiko opanda bungwe lawolawo lovomereza malabotale, Malawi ali m'gulumo, amathandizidwa ndi SADCAS ya ku Gaborone. Chofunika kudziwa n'chakuti chivomerezo chimaperekedwa pa mayeso otchulidwa maina, kotero labotale yovomerezeka kuyeza madzi kapena chuku cha mtedza siivomerezeka yokha kuyeza THC. Komanso chivomerezo chimasonyeza kuti labotale ingathe kuyeza bwino, osati kuti tsiku lililonse imatero. Ena mwa malabotale a ku America amene manambala awo adakayikitsa anali m'maboma ofuna mapepala otere.

Ina ndi mayeso a malabotale okhaokha: chitsanzo chimodzi chimagawidwa kwa ambiri, aliyense ayeze, kenako mayankho ayerekezedwe. Zimathandiza kugwira wosokera. Koma monga mwana wa sukulu amavala bwino tsiku lobwera oyendera, labotale ikadziwa kuti ichi n'chitsanzo cha mayeso imachisamala mwapadera. N'chifukwa chake ena amalimbikitsa kuti boma lizigula katundu pamsika mwakachetechete n'kumuyezanso ku labotale yake yosadalira ndalama za alimi. California idayesa njira inanso: kuyambira Januwale 2024 malabotale onse ovomerezeka kumeneko amayenera kutsata njira imodzi yoyezera maluwa ouma. Oikonda amati imatseka mipata yochenjerera. Oikayikira amati imamanga manja amene akadapeza njira yabwinopo, ndipo siletsa munthu kusankha duwa lokongola.

Zimene zidakali pa bwalo

Funso loyamba kwa mlimi wa kumpoto kuno ndi la mtunda ndi mtengo. Mzuzu ili ndi yunivesite ku Luwinga ndi malo a kafukufuku wa zaulimi ku Lunyangwa, ndiye ena angafunse ngati mayeso oyambirira sangamachitikire pafupi. Koma labotale imafuna zitsanzo zambiri chaka chonse kuti ilipire timabotolo tija, akatswiri ndi magetsi osathima. Kodi ndi bwino dziko likhale ndi labotale imodzi yolimba imene onse aziidalira, ngakhale ili kutali, kapena angapo apafupi amene mayankho awo angasiyane?

Lachiwiri ndi la wotenga chitsanzo. Akhale wa boma, wa labotale, kapena wa kopaletivi ya alimi? Ndipo ulendo wake alipire ndani, poti wolipira ndiye amakhala ndi chikoka?

Palinso nkhani ya apilo. Mbewu ikalephera ndi 0.02, mlimi ali ndi ufulu woyezetsanso? Ngati inde, pa chitsanzo chomwecho chimene chidasungidwa, kapena chatsopano cha m'munda umene wakhwimirapo masabata awiri? Mayankho awiri akasemphana, lachitatu lichokere kuti? Ndipo mbewu yodutsa malire pang'ono iwonongedwe yonse, kapena iloledwe kugwira ntchito ya ulusi ndi njere zimene zilibe THC wodetsa nkhawa?

Kunja nako sikunakhazikike. Mayiko sadagwirizane pa malire amodzi, kapena pa kuwerenga THC yekha kapena THC yense, kotero satifiketi yolembedwa kuno ingafunike kubwerezedwa katundu akafika kwa wogula, ndipo ngati manambala asiyana, mgwirizano uyenera kukhala utanena kale kuti ya ndani ndiyo ipambane. Mafuta, zakudya ndi zodzola zokhala ndi chamba n'zovuta kuyeza kuposa maluwa, chifukwa mafuta ndi shuga zimasokoneza kuviika kuja, ndipo njira zake zidakakonzedwabe.

Ndiye pali funso limene asayansi enieni akukanganabe: kodi peresenti ya THC payokha imanena zokwanira za momwe chamba chigwirire ntchito m'thupi? Ena amati ma cannabinoids ang'onoang'ono ndi mafuta onunkhira a m'maluwa, otchedwa terpenes, amasintha zotsatira, ena amati umboni wake ndi wochepa. Kwa mitundu ya chamba ya m'dziko muno, imene mbiri yake idamangidwa kalekale makinawa asanabwere, yankho la funso limeneli ndilo lidzanene ngati satifiketi ya manambala awiri ikukwanira kuifotokoza, kapena pafunika kuyeza zambiri, ndi ndalama zambiri.